Foni Yosadziwa Manja a Norlela

Mkulu wanga Norlela anabadwa wosamva, ndipo pakhomo pathu ku Alor Setar ndine ndekha ndinaphunzira kulankhula naye ndi manja. Enawo amangomukoka malaya n'kuloza mpunga. Ndiye nditapeza banja kutali ku Kuching, tinayamba kuda nkhawa kuti azicheza ndi ndani ndikachoka.

Hazwan, mwana wa achimwene athu, wa ku yunivesite, anati tisavutike. Ankapanga pulogalamu ya pafoni yoona manja n'kulemba mawu, koma inkafunika zithunzi zambirimbiri kuti iphunzire. Anasankha sabata ya ukwati wanga, poti abale anali mbwee.

Anthu amene zaka zonsezi analephera kuphunzira ngakhale "zikomo" anandanda pakhoma loyera, akuonera zizindikiro papepala, zala zili psuu ndi inai, utoto umene timapaka paukwati. Norlela naye anaima pamzere. Hazwan atamujambula anakwinya nkhope.

"Anti Norlela akufulumira, zithunzi zikutuluka mbuu. Auzeni aziima ngati enawa."

"Iwe Hazwan, munthu amalankhula ataima ngati chipilala?" ndinamufunsa.

"Si ine, Anti, ndi makinawa."

Anamuchotsa pamzere n'kumupatsa ntchito yowunikira anzake ndi nyali. Zinandinyansa, koma mkwatibwi salongolola.

Ulendo wanga utayandikira, Hazwan anabwera nayo foni ija. Inakana kuzindikira manja a aliyense. Kunapezeka kuti nzeru zake zonse zinathera pa zala zofiira, ndipo inai inali itafufutika kale. Mayi sanachedwe, anapakanso. Norlela naye anapaka, n'kukhala pakhonde zala zili m'mwamba kudikira ziume, akumwetulira. Sindinamuonepo akuyembekeza chinthu chotero, ndipo mtima unandipweteka.

Mayi anapinda zala pang'onopang'ono, maso ali pafoni, ndipo inalemba kuti "kudya". Anthu anawomba m'manja.

Kenako Norlela anakhala moyang'anizana ndi mayi, nalankhula mmene amalankhulira, manja, nkhope ndi mapewa zonse pamodzi. Ananena kuti akuopa kutsala yekha m'nyumba yodzaza anthu. Foni inangoti zii. Nditatsegula pakamwa kuti ndimasulire, Norlela anandigwira dzanja, nabwerezanso. Foni osalemba kanthu.

Mayi anapukusa mutu, maso akadali pafoni.

"Mwanayu sakukhoza. Hazwan, m'patse pepala lija aphunzire."