Kiyi wa Mpopi Wathu

Mpopi wa m'dera lathu unkatsegulidwa dzuwa litakwera kale. Ine ndimakolopa m'sitolo ya nsalu, ndipo pansi pamayenera kuuma ogula asanalowe. Ndiye ndiziyamba chiyani, kutunga madzi osambitsa ana kapena kuthamangira kuntchito? Abwana anandiuza mosapsatira: "Mukachedwanso, mopu ndipatsa wina."

Komiti ya madzi inkakumana masana, ife tili kuntchito. Amene ankapitako ndi azibambo oti chibadwire sanasenzepo ndowa. Wapampando tinkawatcha a Tionabe, chifukwa dandaulo lililonse yankho lake linali lomwelo.

Tsiku lina tikuyanika zovala, ndinadandaulira namwino woyandikana nafe nyumba.

"Mayi a mapasa, simuli pa gulu la pafoni la komiti ija?" anandifunsa.

"Ndilipo. Amangotumizapo maluwa ndi 'mwadzuka bwanji'. Komanso zala zangazi n'za mopu, kulemba zimachedwa."

"Pakamwa panu sipachedwa. Dinani apa, mulankhule. Nenani vuto, nenani chomwe mukufuna. Osatukwana."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

M'mawa mwake ndinajambula mzere wa ndowa zouma, loko ali lende pampopi. Kenako ndinadina n'kulankhula, mwana akulira kumsana: "Ndine mayi a mapasa. Mpopi ukutsegulidwa mochedwa, ntchito indithera. Ndikupempha uzitsegulidwa m'mamawa."

Bambo a kunyumba atamva anagwira mutu. "Mwatichititsa manyazi dera lonse!"

"Manyaziwo asambitsa ana?" ndinawafunsa.

Foni inayamba kulira osapuma. Wogulitsa makala, telala, mayi wophika kusukulu, aliyense ndi dandaulo lomweli. Wapampando analemba mawu awo aja: "Tionabe."

Namwino anawayankha mwaulemu: "Tione lero, bambo. Tonse tili pompano."

Ndiye analankhula mkulu wotsegula mpopi, amene ine ndinkamuyesa waulesi. "Amayi, si ulesi ayi. Ndimalondera usiku kutali, ndikaweruka ndimayenda wapansi. Nthawi imeneyo m'pamene ndimafika."

Ndinathokoza mumtima kuti sindinatukwane.

Telala ndiye anabwera ndi nzeru: adulitse kiyi wachiwiri, amayi tizisunga mosinthana. Ena anakana, ati madzi aziwonongeka. Tinakambirana, wina akuchapa, wina ali m'basi, wina ali pa makina osokera. Tinagwirizana kuti wosunga kiyi aziima pampopi mpaka mkulu uja afike. Namwino anaika voti pagulupo. Amene analibe foni, anzawo anawapitira pakhomo n'kuwajambula mawu. Wapampando ataona kuchuluka kwa ovomera, kwa nthawi yoyamba analemba zina: "Zamveka. Mawa kiyi adulidwa."

Sabata ino kiyi ali ndi ine, ndamumangira pachingwe m'khosi. Ndimatsegula mpopi, ndowa n'kudzaza, mapasa n'kusamba. Mkulu uja akamafika ndimamusiyira malo, ine ulendo. Abwana amandipeza pansi pauma kale. Mopu akadali wanga. Bambo a kunyumba nawo tsopano amauza anzawo kuti, "Ndi mayi akwathu anayambitsa." Ndimangowayang'ana.

Amayi anzanga, kulephera kupita kumsonkhano si chifukwa chokhalira chete. Foni si ya maluwa okha. Nenani vuto lanu momveka, mvetserani mbali ya mnzanu, ndipo voti ikabwera, votani. Zokudandaulirana poyanika zovala zimangouma ndi zovalazo.