Msoko wa Telala Wina

Ine ndine telala, ndipo pa nkhani ya m'chiuno sindinamizika. Mayi akhoza kulumbira kuti sanasinthe chikwatiwire, ine n'kungomwetulira, tepi ndiye amayankha. Choncho tsiku limene namwino anandiuza kuti ndiziyeza amuna anga, ndinaona ngati wandipatsa ntchito yamasewera.

Kuchipatalako tinapita chifukwa abambo anali atayamba kupuma mwawefuwefu akangowerama kumanga nsapato. Namwino anawakulunga kansalu pamkono, napopa, nayang'ana nambala, nabwerezanso. Kenako anafunsa chimene chinapha bambo awo. Abambo anati anangogwa akuthirira maluwa, ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Iwowo chaka chino akwanitsa makumi asanu.

"Mtima wanu ukugwira ntchito ya anthu awiri," anatero namwino. "Mchere muchepetse, zokazinga musiye, muziyenda theka la ola tsiku lililonse, mankhwala musadumphitse. Inu mayi, muziwayeza m'chiuno sabata iliyonse. Mimba ikamatsika, mtima nawo umapepukidwa."

Abambo ndi dalaivala wa bwana wa kampani ina. Ntchito yawo ndi kukhala pansi. Amakhala poyendetsa, amakhala podikira bwana kumsonkhano, akabwera kunyumba amati atopa ndiye akhale kaye.

Ndinayamba nkhondo. Mchere ndinabisa m'kabati ya ulusi. Mafuta ndinkayeza ndi kasupuni ka tiyi. M'mawa uliwonse ndinkawakoka kuti tizungulire bwalo la mpira kanayi, iwo akudandaula kuti ngakhale agalu akutiseka. Ndikamawaperekeza ndinkawapatsa kabokosi ka nyemba, masamba ndi chipatso, ndipo madzulo kankabwera kopanda kanthu. Lamlungu lililonse, tisanavale zakutchalitchi, ndinkawazunguliza tepi pamchombo. Tinayambira mainchesi 44. Patatha miyezi iwiri tepi anati 42, ine n'kutenga mathalauza awo atatu a kuntchito n'kuwabweza m'chiuno, uku ndikuimba. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka lina, m'mwezi wachinayi, ndinatembenuza thalauza lawo lotuwa kuti ndilisite. Msoko wa kumbuyo sunali wanga. Unali wa ulusi wabuluu pa nsalu yotuwa, wokhotakhota, wa munthu amene amasoka akucheza. Mabowo a singano yanga ankaoneka pambali, ulusi wanga utachotsedwa. Ndinatembenuza lachiwiri, n'kutembenuzanso lachitatu. Onse anali atakulitsidwa.

Ndinakhala pabedi, simbi ikuzizira. Ndikanapeza kalata ya chibwenzi m'thumba, bwenzi ndikudziwa poyambira. Koma mwamuna wa telala kunyamula mathalauza kupita nawo kwa telala wina, mobisa, kuti akamuthandize kunenepa mwamtendere! Ndinapsa mtima, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha.

M'mawa mwake ndinatenga tepi monga mwa masiku onse. Abambo anaimirira njo, manja m'mwamba, chifuwa patsogolo. Ndinazunguliza tepi. Anati 42. Sindinachotse.

"Kodi mlamu wanu uja anati abwera liti?" ndinafunsa.

Anangogwedeza mutu.

"Ndikufunsatu, abambo. Lachiwiri kapena Lachitatu? Nanga ana abwera nawo? Tikawagoneka kuti?"

Nkhope inayamba kutupa, misempha ya pakhosi itatuluka. Ndinadikira. Potsiriza mpweya unatuluka wonse, mimba n'kugwera pa tepi, tepi n'kutsetsereka m'zala zanga mpaka 46. Miyezi yonseyi munthu wamkulu ankandikokera mimba ngati mnyamata wofunsira, ine katswiri osazindikira.

Anakhala pampando wa makasitomala anga. Sanakane kanthu.

"Kabokosi kaja amadya ndani?"

"Mlonda wa pageti. Akuti mumaphika bwino, kungoti mchere."

"Musandiseketse, abambo."

"Amayi, tamverani. Bwana akalowa mu hotela, ife madalaivala amatitumizira mbale panja. Nyama yokazinga, tchipisi, botolo la zotsekemera. Masiku ena bwana amabweretsa yekha m'manja. Ndinene kuti ayi bwana, ndili ndi nyemba zanga? Tsiku loyamba ndinakana. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti kodi mukudwala."

"Si mukudwala nanga?"

"Ndiye mawu amene sindingawanene pamenepo. Dalaivala wodwala mtima samupatsa makiyi. Mnzanga uja wamtali anangonena za chizungulire kamodzi, lero akugulitsa makala."

Ndinati ayende ndiye, nthawi imene akudikira. Anati galimoto saisiya yokha, ndipo bwana akatuluka amafuna kupeza chitseko chotsegula kale. Ndinati mankhwala. Anati amamwa Loweruka ndi Lamlungu, chifukwa amawakodzetsa pafupipafupi, ndipo pamsewu sungamangoimika bwana. Chilichonse chimene ndinanena chinali ndi yankho lake, ndipo choipa n'chakuti mayankhowo sanali abodza.

Kenako ananena chimene sindinafunse.

"Lachitatu lapitali pamaloboti, chifuwa chinandigwira apa. Ngati munthu wandikhalira. Dzanja ili linachita dzanzi. Ndinaimika pambali, ndinauza bwana kuti ndikuona tayala. Ndinagwada pamenepo mpaka zinadutsa."

Ndinawagwira mkono, ndinati tiyeni kuchipatala pompano, tchalitchi sichithawa. Anati Lamlungu kumakhala dokotala wa ngozi zokha. Ndinati ndiye mawa. Anati mawa bwana ali ndi ulendo wa masiku anayi. Ndinati ndikawaimbira ndekha bwanawo. Anandiyang'ana modekha, mmene amayang'anira ana akalakwitsa.

"Mukatero mwandichotsa ntchito, amayi. Ndiye mudzandiyeza ndili pakhonde. Loweruka tipita, ndikulonjeza."

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kwathu kuno wamva m'mimba wakhala phee pampando, amene ndaima pachitseko ndine, ndipo sindingamunyamule. Ndinalira, iwo n'kumandisisita pamsana ngati wodwala ndine.

Masana ndinatenga lezala n'kumasula ulusi wabuluu uja m'mathalauza onse atatu. Ndinaganiza zowabwezanso pa 42 kuti aone polekera. Koma munthu wokhala pa chiwongolero tsiku lonse, thalauza likamuthina amapuma movutika. Ndinawakulitsa ndekha, mpaka pamene nsalu inathera, ndi ulusi wotuwa, msoko wowongoka.

Lolemba m'mawa anavala lotuwa lija, nagwedeza m'chiuno, nati, "Koma ndiye landikhala bwino." Anatenga kabokosi kawo, ine ndikudziwa amene akadye, n'kutuluka.

Lero ndi Lachitatu. Ndili ndi madiresi asanu a ukwati ofunika Lachisanu, ndipo sindinamalize ngakhale limodzi. Foni ikangolira, phazi langa limaima lokha pamakina.