Mawindo a Balani Yanga

Mwana wanga Plaxedes atapita ku yunivesite ku Chinhoyi anasiya kope lake la fizikisi pansi pa bedi. Ndinalipeza ndikufunafuna nsapato. Munali mawu ndi matanthauzo ake, ndipo mwezi usanathe ndinali nditaloweza angapo. Pa kompaundi ponse anamva kwa ine kuti mphamvu ndi kukankha kapena kukoka, ngakhale amene sanafunse.

Chaka chimenecho foromani wa mabalani, momwe timaumitsira fodya pa famu yathu kufupi ndi Banket, anapuma pa ntchito. Manijala wathu, a Gray, anati udindowo utengedwa ndi mmodzi mwa anthu awiri, ine kapena Mai Luzia. Aliyense anapatsidwa balani yodzaza fodya wamuwisi. Wotulutsa tsamba labwino ndiye foromani.

Sindinade nkhawa. Mai Luzia amangopisa dzanja m'balani, kugwira tsamba, kulinunkhiza, basi n'kunena kuti wonjezerani nkhuni. Mukawafunsa chifukwa chake amati, "Ndi mmene likufunira."

Tsiku lachitatu, tsamba litachita chikasu, ndinaitana osonkhezera moto anga.

"Konivekishoni," ndinatero, n'kudikira kuti liwulo likhazikike, "ndi kuyenda kwa kutentha kudzera mu mpweya. Mpweya ukatentha umapepuka, umakwera. Nanga kudenga kwa balani kuli chiyani?"

"Mawindo," anayankha a Mcloud, bambo aimvi amene asonkhezera moto zaka makumi awiri.

"Ndiye kutentha kwathu kukuthawira komweko. Tsekani onse."

A Mcloud anakanda m'mutu, nandiitana ndi dzina la mwana wanga, monga timachitira kuno. "Baba Plaxedes, nanga thukuta la fodya litulukira pati?"

"Fodya sachita thukuta, madala. Si munthu."

Anakwera makwerero, nakatseka.

Masana Mai Luzia anadutsa, nayang'ana kudenga.

"Achimwene, balani yanuyi bwanji sikupuma?"

"Ndi sayansi imeneyo, mayi."

"Ehoo," anatero, napitiriza ulendo.

Patatha masiku awiri a Gray anabwera kudzaona. Titatsegula chitseko tinalandiridwa ndi fungo la nkhwani wogona m'poto. Madzi ankadontha kuchokera kumalata. Chinyezi chonse chotuluka m'masamba chinasowa kolowera, n'kubwerera pa fodya yemweyo. Tsamba linali bii, lonyowa. A Gray anagwirako limodzi, linawamatirira ku zala.

"Watseka mawindo ndani?"

A Mcloud anayang'ana pansi. Ndivomere pano kuti ndinayembekeza kuti mwina mkuluyo anena kuti ndi iye, poti makwerero anakwera ndi iye. Sananene. Anthu onse a m'mabalani anali atafika, ena ana ali kumsana.

"Ndine, bwana."

"Chifukwa?"

"Mpweya ukatentha," ndinayamba. Kumbuyo wina anatsokomola, chifuwa alibe.

Fodya wa Mai Luzia anatuluka wachikasu ngati nthochi yakupsa. Wanga tinamukweza pa ngolo kukataya kudzenje la manyowa, ndipo ngoloyo ndinayendetsa ndekha, kudutsa pakati pa kompaundi, chifukwa njira ina kulibe.

Lolemba Mai Luzia anaima pakhomo pa balani kugawa ntchito. Atafika pa ine sanaseke, chimene chinandipweteka koposa.

"Inu achimwene mukhala pa makwerero. Ndikati tsegulani, mutsegule."

"Chabwino, a foromani," ndinatero, n'kuyamba kukwera.