Zikhadabo za Bambo Nelio

Ku Glen Norah, kuseri kwa nyumba ya eni ake, kuli kachipinda komwe amachita lendi bambo Nelio, mkulu wa ku Tete amene anabwera nthawi ya nkhondo n'kukhaliratu. Ndinawadziwira mu kombi, minibasi ya kuno, chifukwa cha manja awo: kumanja zikhadabo zazitali, zosalala bwino, kumanzere zowenga mpaka pamnofu. Nditafunsa, anandiuza nkhani iyi.

Akazi awo atamwalira, mwana wawo wa ku Joni anawatumizira foni ndi gitala wa nsambo za nayiloni. Pafoni pomwepo anapeza gulu la anthu a m'mayiko akutali ophunzira kuimba gitala ndi zala, mowerenga manotsi a nyimbo. Zikhadabo zakumanjazo ndi zokodolera nsambo. Lamulo la gulu linali lakuti mwezi uliwonse ujambule nyimbo yophunzirira imene mwapatsidwa, uitumize, anzako aimve n'kukuuza polakwika. Ukadumphitsa kawiri motsatizana, akuchotsa. Mwezi wathawo bambo Nelio anali atadumphitsa chifukwa cha chifuwa, ndipo malire a mwezi uno anali Lamlungu.

Ankajambula magetsi akazima, poti ndi pamene mawailesi a mumpanda monse amakhala chete. Akatha ankapita nayo foni kwa bambo Yosiya, mnzawo yekhayo amene ankacheza naye Chinyanja chosasakaniza ndi Chishona. Bambo Yosiya ankamvetsera mpaka pamapeto, kenaka n'kufunsa kuti, "Nanga nyimbo yopanda ng'oma amavina bwanji, achimwene?"

Sabata yomalizayo bambo Yosiya anamwalira. Loweruka kumanda bambo Nelio anaima kumbuyo kwa azibambo, dzanja lamanja lili m'thumba.

Kumanda fosholo sapatsirana pamanja. Wotopa amaiika pansi, amene yamuyandikira ndiye amatola. Blessmore, mphwake wa malemu, anaigwetsera dala pamapazi pa bambo Nelio.

"Sekuru, mnzanutu uyu," anatero Blessmore, powatchula agogo m'Chishona. "Kapena mukuopa kuwononga zikhadabo? Musadandaule, tikabwerera tikakupakani utoto wofiira."

Azibambo anaseka chapansipansi.

"Iwe, ine ndinayamba kukwirira anthu usanamere mano," anayankha bambo Nelio.

"Ndiye tionetseni, mudhara. Bambo Yosiya akudikira, ndipo mukudziwa kuti sankakonda kudikira."

Bambo Nelio anatulutsa dzanja, natola fosholo. Dothi linali louma gwa, lodzaza miyala. Posakhalitsa fosholo inagunda mwala, mpini n'kuterereka. Chikhadabo cha chala chapakati chinathyokera pamnofu, cha chala cholozera chinang'ambika. Sanasiye. Anapitiriza kuponya dothi mpaka Blessmore yemweyo ananena motsitsa mawu kuti, "Basi sekuru, ikani pansi, mwakwanitsa."

Lamlungu masana magetsi anazima. Bambo Nelio anayesa kumata chikhadabo ndi guluu, koma chinamatuka atangokhudza nsambo. Zikhadabo zina kutalika zina kufupika, nyimbo inkatuluka yotsimphina. Anatenga lezala n'kuwenga zotsalazo kuti zala zonse zifanane. Kenaka anatsamiritsa foni pa chitini cha shuga n'kuimba ndi mnofu wokha. Chala chapakati chinkabaya ngati munga. Atamvetsera zomwe anajambula, gitala ankamveka ngati munthu wolankhula atadzifunditsa bulangete kumutu. Batire la foni linali litafiira, mpata wobwereza panalibe.

Anafuna kulemba mawu ofotokozera anzawo a m'gulu. Chizungu cha maliro ankachidziwa, koma cha fosholo yoikidwa pamapazi pako, anthu onse akukuyang'ana, chinawasowa. Analemba, nafufuta. Anatumiza nyimbo yokhayokha.

Foni inakhala duu mpaka pakati pa sabata. Ndipamene mayi wina dzina lake Yara, wa dziko limene bambo Nelio sankadziwa kuti lili mbali iti, anayankha m'Chizungu. Anati nthawi mwaisunga bwino, mwapita ku phunziro lotsatira, koma mawu a gitala ndi ofooka, muzisamala zikhadabo zanu.

Bambo Nelio anawerenga uthengawo mokweza, pang'onopang'ono, ngakhale m'chipindamo anali okha. Gulu silinawachotse. Analemba liwu limodzi lothokoza, n'kutsegula nyimbo ya mwezi watsopano kuti aone poyambira.