Loya pa Benchi ya Oonerera

A Gilford Kaphwiti anaimirira anthu pa milandu kwa zaka makumi awiri, mpaka imvi zinawamerera m'khoti. Koma m'chaka cha 1986, pa boma la Mangochi, anawakhazika pa benchi ya oonerera, pakati pa amayi a mandasi ndi anthu ongothawa dzuwa. Mlandu wakupha unali utapita kukhoti la mafumu, ndipo kumeneko loya sankaloledwa kutsegula pakamwa. Akuluakulu akafuna kuti munthu apezeke wolakwa, ankadziwa khomo lomulowetsera. Izi a Kaphwiti ankangozinenera mumtima, poti masiku amenewo pakamwa pankamangitsa.

Woimbidwa mlandu anali Atumani, msodzi wa ku Lungwena. Mwera unagubuduza bwato lake, ndipo Sumani, mnzake wopalasa naye, anamira. Mtembo utapezeka, Atumani anathamanga kukagula sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro, ndipo Sumani anaikidwa tsiku lomwelo monga amachitira Asilamu. Pagombe lawolo aliyense ankadziwa kuti munthu akafera m'bwato lako, womuveka ndiwe. Koma apolisi ochokera kumtunda anaonapo zina: munthu wafulumira kukwirira mtembo dokotala asanauone. Komanso awiriwo anakanganapo za ukonde, ndipo mlamu wa malemuyo anali wapampando wa nthambi ya chipani. Umboni wonse unali umenewo, wosakwana n'chikhatho chomwe.

Litatsala tsiku limodzi kuti mlandu uzengedwe, a Kaphwiti anakamuona Atumani m'chitokosi.

"Che Atumani, mvetserani," anatero loyayo. "Palibe anaona kanthu, palibe dokotala. Wokunenezani ndiye ayenera kutsimikiza. Inu musawathandize. Akakufunsani, muzingoti mukukana mlandu."

"Za mwera ndisanene, bwana?"

"Mukayamba kufotokoza, akukolani ndi mawu anu omwe."

Malangizowo anali abwino ndithu, kukhoti lalikulu la ku Blantyre. Anapulumutsa nawo anthu ambiri, ndipo a Kaphwiti ankanyada nawo. Sanaganize kuti nyambo ya chambo sigwira mlamba.

M'khotimo woweruza wapakati, mkulu wa mawu ofatsa, anafunsa, "Sanda unagula ndiwe?"

"Ndikukana mlandu," anatero Atumani.

"Tiuze, mwanawe, bwato linagubuduka bwanji?"

Atumani anatembenukira kubenchi. A Kaphwiti anapukusa mutu pang'ono.

"Ndikukana mlandu."

Oweruza anagundanitsa mitu. Kenaka wapakati uja anati, "Munthu amene mnzake wafera m'manja mwake amalira, amafotokoza. Uyu wauma ngati chitsa. Pafuka utsi pali moto."

A Kaphwiti magazi anawira. Mwambi! Munthu anyongedwe chifukwa cha mwambi? Mabuku onse aja anawawerengeranji, ngati khosi la munthu lingagulitsidwe ndi mawu oti ngakhale kubwalo la milandu ya nkhuku amawanena akuseka? Lamulo la milandu yakupha analiikira kuteteza munthu wopanda mphamvu kwa amphamvu, koma apa linali litasanduka chibonga cha amphamvuwo. Anadzuka osadziwa kuti adzuka.

"Khalani pansi, madala," mesenjala anawakankha paphewa. "Muno si mwanu."

Anakhala. Chigamulo chinabwera nthawi ya nkhomaliro isanakwane: Atumani anyongedwe.

Panja, pansi pa mtengo wa mango, Ajira, mkazi wa Atumani, anali akuwadikira. Sankalira. A Kaphwiti anayamba kumufotokozera za apilo, ngakhale ankadziwa kuti apiloyo ipitanso kwa mafumu ena, kumene iwo akakhalenso pabenchi. Kenaka mkwiyo unawapitirira, nayamba kunong'ona kuti khoti ili n'lamanyazi, n'chipongwe, si khoti n'komwe.

Ajira anawadula. "Bwana, amuna anga anadumphira m'madzi katatu kufuna Sumani. Khutu lakumanzere silimvanso mpaka lero. Maliro onse anali akulira ngati mwana. Mafumu aja anawafunsa bwinobwino, ine ndikumva. Bwanji sananene?"



"Ndinakuonani mukupukusa mutu," anapitiriza Ajira. "Mafumu aja nkhanza zawo timazidziwa kale. Koma ife tinkati inu ndi athu."

Anamanga bwino chitenje chake, nayamba kutsatira galimoto ya akaidi wapansi.