Mwendo wa Apongozi

Ku Nathenje anthu ankamutcha Gilibati kuti adokotala, koma sunali ulemu. Ankatero akamuona Loweruka madzulo akutsika panjinga yake yopanda mabuleki, mabuku atawamanga ndi luzi kumbuyo. Mudzi wonse unkadziwa kuti kuchipatala cha mishoni kumene ankagwira ntchito iye sanali dokotala, ngakhale namwino. Anali wotsuka mabala, wowiritsa zitsulo ndi wotaya zonyansa za odwala. Mayeso a boma a unamwino anali atalemba katatu, ndipo katatu konseko anabwerako chimanjamanja.

Kwawo kunali ku Mitundu. Ku Nathenje anangodzakwatira Esitere, nakhala pachikamwini. Komatu mkamwini amadziwika ndi khasu, pomwe Gilibati sabata yonse ankagona kuchipatala, munda wa fodya n'kumalimidwa ndi mkazi. A Jeremiah, amalume ake a Esitere, omwe anali eni mbumba, anapirira mpaka anatopa. Anamuitana n'kumuuza kuti chaka cha 1956 chikhale chomaliza: akalephera, asankhe yekha pakati pa khasu ndi msewu wa ku Mitundu. Sisitere wamkulu wa pachipatala nayenso anali atanena kale kuti dzina lake alitumizanso ku Zomba kamodzi kokha basi. Akakhoza, boma likanamupatsa ntchito ndi nyumba pachipatala china, ndipo akanatenga mkazi wake ndi mwana wawo Rozina kukakhala paokha. Gilibati sankalakalaka china padziko lino koma khomo loti azilitsekula ndi kulitseka yekha.

Ulendo woyamba chinamugwetsa ndi Chingerezi. Zinthuzo ankazidziwa ndi manja, koma pepala linkafuna mawu. Ulendo wachiwiri bambo ake anamwalira sabata ya mayeso yomweyo, ndipo analowa m'chipinda cholembera atametedwa kumutu, m'mutumo muli nyimbo za maliro zokhazokha. Wachitatu ndiwo unamupweteka koposa, chifukwa pepala analikhoza. Patsiku loonetsa ntchito ya manja, dokotala wachizungu wochokera ku Zomba anamupatsira kachitsulo kopanira thonje, kowiritsa kale. Gilibati, mwana woleredwa bwino, anakalandira ndi manja awiri, bondo atapinda pang'ono. Dzanja lachiwirilo linagwira kunsonga kumene sikukhudzidwa. Dokotalayo sanakalipe, anangolemba kanthu papepala lake. Ulemu umene amayi ake anamuphunzitsa ndi kamtengo unamudyera chaka chathunthu.

Tsono chaka chachinayichi ankawerenga ngati munthu wosenza mtolo wonyowa. Mabuku anali omwe aja, atathothoka zikuto, ndipo masamba ena ankawaloweza osawamvanso kukoma. Anzake amene anayamba nawo anali atavala kale zoyera ku Zomba ndi ku Lilongwe. Esitere ankamulimbitsa mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye mumtima ankati nkhono yake iyi mwina inabadwa yopanda maso.

Panalinso apongozi ake, aNangondo, mayi wamfupi wa pakamwa pakuthwa. Chikwatirire, Gilibati anali asanawayang'anepo kumaso, asanadyepo nawo pamodzi, asanawayankhulepo mwachindunji. Akakumana panjira, iye ankalumphira m'tchire n'kudikira kuti adutse, kaya muli chitedze kaya mulibe. Mwambo unali womwewo kwa mkamwini aliyense, ndipo aNangondo ankausunga mosaphonya. Akakhala ndi mawu, ankaima pakhonde n'kumauza nsanamira. Nsanamira ya nyumba ya Gilibati inamva zambiri: kuti denga likudontha, kuti fodya wa anthu ena wafika m'chiuno, kuti mabuku satafunidwa. Gilibati ankamvera ali m'nyumba, mutu uli pansi. Wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima.

Nkhani ya mayesoyi aNangondo sankaifuna n'komwe, ndipo sankabisa. Mwana wawo wamwamuna anapita ku Halale n'kutchona. Ena anagona kumanda. Anatsala Esitere yekha, wowatungira madzi ndi kuwasinjira. Nthawi zonse Gilibati akalephera, nsanamira inkauzidwa kuti Mulungu amadziwa chimene akuchita.

Popeza maso ake ankakhala pansi, Gilibati ankadziwa mapazi a apongozi ake kuposa nkhope yawo. Anaona kalekale kuti pamsongolo pa mwendo wamanzere pamangidwa kansanza, ndipo kuti kansanzako kakukula. Anatumiza mankhwala kudzera kwa Esitere, koma mayiwo ankakhulupirira masamba awo otafuna. Mvula ya chaka chimenecho itafika, chilondacho chinanyanya, fungo n'kumamveka pabwalo. Esitere anabwereka ngolo nawatengera kuchipatala, ndipo anagonekedwa m'chipinda cha amayi. Gilibati anapempha mnzake Matthews kuti asinthane: iye azigwira kwa abambo ndi ntchito zonse zonyansa, Matthews azilowa kwa amayi. Matthews anavomera akuseka. Chotero mkamwini ndi apongozi anakhala pansi pa denga limodzi la malata osaonana.

Mayeso anafika. Pepala analilemba, ndipo anatuluka akudziwa kuti sanachite manyazi. M'mawa mwake kunabwera dokotala wa ku Zomba, wina osati wa chaka chatha, wamtali, wotuluka thukuta pamphuno. Iyeyu sankafuna zoyeserera patebulo. Ankayenda m'zipinda, n'kumasankhira wophunzira aliyense wodwala weniweni. Itafika nthawi ya Gilibati, anadutsa chipinda cha abambo osaima, nalowa kwa amayi. Gilibati anatsatira atanyamula beseni la madzi a mankhwala. Munali mabedi ambiri ndithu. Koma dokotala wofuna kuyesa munthu amafuna chilonda choipitsitsa, ndipo choipitsitsa m'chipindamo chinali chodziwika. Anaima pabedi la aNangondo, naloza mwendo, nauza Gilibati kuti amasule, atsuke, amangenso.

Amayi ogona m'menemo ankadziwa kuti awa ndi yani, pakuti m'chipatala nkhani imayenda kuposa malungo. Amene sankadziwa anali azungu awiri okha, dokotala ndi Sisitere.

Gilibati anaima chammbali, nkhope atalozetsa kukhoma. Thupi lake lonse linkafuna tchire loti alumphiremo, koma munalibe tchire, munali simenti yokolopa. Kuti afotokoze? M'mabuku ake onse munalibe Chingerezi chonenera kuti mwendo uwu sindingauyang'ane, kuli bwanji kuugwira. Akanati ndi amayi a mkazi wanga, mzungu akanati ndiye bwino, uwasamala kwambiri. Dokotala anabwereza lamulo lake pang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi wogontha. Kenako anayang'ana wotchi, natulutsa cholembera m'thumba.

Mantha anamuthera Gilibati, kunatsala kutopa kokha. Anaona zaka zinayi zikutsanulidwa pansi ngati madzi otsukira mbale, ndipo analibenso mphamvu zozilirira. Anawerama kuti atule beseni, apepese, atuluke.

Pamenepo aNangondo anakoka nsalu yawo ya biriwita, nafunda kumutu mpaka pachifuwa. Mwendo wodwalawo anautulutsa m'bulangete, nautambasula bwinobwino. Mawu anatuluka pansi pa nsalupo, omwe aja a pakhonde.

"Beseni iwe."

Gilibati anauma ali chiweramire.

"Beseni iwe, uwauze abambo a Rozina kuti mwendowu lero si wa apongozi awo. Ndi wa boma. Agwire ntchito yawo, mzunguyu asatope n'kuima."

Mayi wina pabedi lapafupi anatseka pakamwa ndi dzanja. Dokotala anafunsa Sisitere kuti wodwalayo akuti chiyani, ndipo Sisitere, amene Chinyanja chake chinali chongopemphera madzi, anati zikuoneka kuti akudandaula za beseni.

Gilibati anaika beseni pampando. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono. Anagwada, ndipo ulendo uno kugwadako kunali koyenera, poti bedi linali lalifupi. Anamasula bandeji, fungo linakwera, iye sanatembenuke. Kachitsulo kaja anakatenga ndi dzanja limodzi, lamanzere atalipanira kumbuyo ngati mwana wakuba. Anatsuka kuyambira pakati kupita kunja, thonje lililonse kamodzi kokha n'kutaya. Kachitsulo kankagunda m'mbali mwa beseni.

"Uwauze asachite mantha," inatero nsalu ija. "Ine ndinabereka ana asanu ndi mmodzi. Thonje silingandilize."

Sanalire ndithu. Pamene ankachotsa mnofu wakufa, chala chachikulu cha phazi chokha ndicho chinapindika. Gilibati anathira mankhwala, naphimba, namanga kuchokera kuphazi kukwera, mosathina, mosalekerera. Dokotala anapisa chala pansi pa bandeji, nafunsa mafunso angapo, nalemba kanthu, napita. Sananene kuti zili bwino kapena ayi. Madokotala a ku Zomba sankanena.

Nkhani inafika ku Nathenje iye asanafike. Pachitsime ankati mkamwini wa kwa aNangondo wagwira mwendo wa apongozi ake, masana, anthu akuona. A Jeremiah anapsa mtima, nati chipatala chimachotsa anthu manyazi. Gilibati sanadziteteze, analibe mphamvu. Koma Lolemba anabweza chipinda cha abambo kwa Matthews. M'mawa uliwonse ankalowa kwa amayi ndi beseni lake, aNangondo n'kufunda kumutu, mwendo n'kutuluka. Beseni linauzidwa zambiri masabata amenewo, kuti phala la pachipatala n'lamadzi, kuti mkamwini wina manja ake ndi ozizira. Chilonda chinayamba kufiira bwino, kenako kuchepa, mpaka chinatseka. Atatuluka n'kumva zonena za mlongo wawo, mayiwo anayankha kuti mwendo ndi wawo, ndipo amene akufuna mlandu abwere adzaone chipsera.

Zotsatira zinachedwa mpaka chimanga chitauma. Tsiku lina Sisitere anamuitana Gilibati pakhonde, namugwira chanza, namuuza kuti wakhoza, ndipo boma limutumiza kuchipatala china kumpoto, ulendo wa masiku pa lole. Gilibati anathokoza. Anapita kuseri kwa nyumba yowiritsira zitsulo, nakhala pa mwala, nadikira chimwemwe chimene anachisungira malo zaka zonsezi. Sichinabwere msanga. Chimene chinabwera ndi tulo tokha, ndi kuwawa kwa msana. Atakhala pamenepo m'pamene anayamba kuganiza za mawu aja a pansi pa nsalu. Mayi amene anatambasula mwendo tsiku lija ankadziwa bwino lomwe kuti akakhoza mkamwini, Esitere apita. Akanangokhala chete, palibe akanawanena, mwambo ukanawaikira kumbuyo, mwana wawo akanakhala.

Loweruka anapalasa njinga pang'onopang'ono. Atasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira ka kumudzi, anaona munthu akubwera atasenza nkhuni, akuyenda ndi miyendo yonse iwiri mosatsimphina. Mapaziwo anawadziwa. Anatsika, nakokera njinga m'udzu, naima pafupi ndi mtengo wa msuku, nkhope atatembenuza monga mwa nthawi zonse, kudikira kuti adutse.

Sanadutse. Mapazi anaima.

"Msuku iwe," anatero aNangondo, "tawafunsa. Zabwera?"

Chikwatirire Gilibati anali asanayankhepo nsanamira, ngakhale beseni.

"Uwauze kuti zabwera," anauza mtengowo. "Ndakhoza."

"Akuwatumiza kuti?"

"Kumpoto. Kutali ndithu."

Gilibati ankangoona mapazi awiri m'fumbi, ndi chipsera chowala pamsongolo, ntchito ya manja ake. Anamva nkhuni zikugwedezeka pamutu, mayiwo akukonza nkhata. Ankayembekeza mawu akuthwa, ndipo akanawalandira mokondwa, chifukwa akanamupeputsa mtima.

"Uwauze," anatero aNangondo, mawu atatsika, "kuti mwana wanga amamva mutu dzuwa likakula. Asamamutume kumadzi masana. Iye sanena, amangopirira."

Anadutsa. Gilibati anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anawayang'ana apongozi ake, koma anaona msana wokha, waung'ono, pansi pa mtolo wa nkhuni umene chaka chamawa adzasenzabe okha.