Maere Anagwera Nyumba ya Apongozi

Jethro Mwanza anabwerera kwawo ku Msanzala atamanga tayi, dzuwa likuswa mtengo. Digiri anali nayo kale, koma sukulu inali isanamukole; tsopano ankaphunzira ku Salisbury za kafukufuku wa ziwerengero. Inali nthawi ya Chitaganya, ndipo munthu wakuda wofika pamenepo ankayenda mapewa ali m'mwamba.

Mphunzitsi wake, mzungu wosaseka ndi munthu, anapereka ntchito yokachita patchuthi: aliyense akafunse mabanja akwawo za ana obadwa ndi omwalira. Nyumba zisankhidwe mwa maere, ndipo eni nyumba ayankhe okha. Wosinthitsa nyumba kapena wolemba za m'mutu ndiye kuti walephera, akalongedze katundu.

Jethro anapatsa nyumba iliyonse nambala, nalemba manambalawo pa zitsekerero za mabotolo, n'kuzikhutchumula m'chipewa. Chitsekerero chomaliza kutuluka chinali cha nyumba ya apongozi ake.

Kumeneko n'kumene kunkakhala mkazi wake Rabecca. Popita ku Salisbury anamusiya ali woyembekezera, ndipo anatsanzika ndi matama. "Mwana akabadwa, dzina ndidzatcha ine. Munthu asanditsogolele." Mwanayo anabadwadi, wamkazi, koma malungo a m'dzinja anamutenga asanayambe kukwawa. Uthenga unamupeza Jethro mayeso ali pafupi, ndipo iye anasankha mayeso. Chibwerereni ankagona kwa amalume ake, akumati mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Mwambo ulipodi, koma tinene zoona, munthuyu ankangobisalamo chifukwa cha manyazi.

Akanatha kubweza chitsekererocho m'chipewa, panalibe woona koma nkhuku. Anachibwezadi, kenako n'kuchitulutsanso. Munthu anasiya maliro a mwana wake chifukwa cha sukuluyi, lero ainamizenso? Ndiye kuti maliro aja anawasiyiranji?

M'mawa mwake anapita, mapepala kukhwapa. Apongozi ake ankaswa mtedza pakhonde. Atamuona anafunda nsalu kumutu n'kulowa m'nyumba, monga mwa ulemu wake. Rabecca anamuyalira mphasa chapatali, mwiniwakeyo nakhala pakhomo kuti azidutsitsa mawu pakati pa mwamuna wake ndi amayi ake.

"Uwauze amai kuti ndabwela ndi nchito ya kusukulu," anatero Jethro.

"Tamva," anayankha apongozi ali m'katimo, osadikira Rabecca. "Tinayesa mwabwelela zina. Funsani."

Anafunsa za anthu ogona m'nyumbamo, za kumene amatunga madzi. Mafunso osavuta anatha msanga.

"M'nyumba muno munabadwa ana angati caka catha?"

"Mmodzi."

"Omwalila?"

"Mmodzi yemweyo."

Jethro analemba. Rabecca ankangoyang'ana zala za kumapazi kwake. Linatsala funso limodzi, ndipo Jethro analiwerenga mmene linalembedwera, popeza mphunzitsi ankaletsa kusintha ngakhale liwu limodzi.

"Dzina la mwana womwalilayo?"

Chitseko chinalira, ndipo apongozi aja anatuluka, nsalu ataichotsa kumutu. Chikwatirireni Jethro anali asanaonepo nkhope yawo pafupi chotero. Sanali okwiya, anali otopa chabe, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka koposa.

"Analibe dzina, bambo. Munakamba mweka kuti munthu asakutsogoleleni. Ise tinamvela. Abusa anafunsa kumanda, tinasowa coyankha."

Jethro anafuna nthaka ing'ambike alowemo. Anagwira cholembera n'kuweramira papepala.

Rabecca anaimirira n'kumanga nsalu yake m'chiuno. Aka kanali koyamba kulankhula naye maso ndi maso chibwerereni.

"Pa pepala musalembe. Ngati dzina mwabwela nalo, tiyeni mukamuuze mwiniwake. Si patali."

Anatsogola, kulowera ku mitengo ya kuseri kwa mudzi. Jethro anasiya mapepala pamphasa namutsatira. Njira yonse ankafufuza m'mutu mwake muja munadzaza manambala, koma dzina silinapezeke. Miyezi yonse ija ku Salisbury anali asanaliganizirepo n'komwe.

Atafika pa kamtumbira kakang'ono komera udzu, Rabecca anagwada, nadikira.